Kuseri kwa Wosoka Nsapato

Ine anthu amanditchula Wayilesi. Dzinali anandipatsa ndi kondakitala wa basi yathu, ati ndikangokwera ndimayaka ndekha. Sindidana nalo. Sukulu ndinalekera panjira, koma za anthu ndimazidziwa kuposa aphunzitsi. Ku saluni kumene ndimatsuka mitu, munthu akangogoneka khosi pa beseni amaulula zonse, ine n'kumangotola.

Kwathu kumadutsa mabasi awiri. Lokolo ndi yathu, imaima paliponse pamene munthu wakweza mkono, ngakhale amene akungodzikanda kukhwapa. Ekisipulesi imachokera kumtunda, ku nyumba zamipanda, ndipo mtengo wake wa tsiku limodzi ife timakwerera masiku atatu. Mawindo ake ndi akuda. Akuti m'katimo anthu salankhulana, aliyense maso pa foni. Ine ndingafe.

Asisi anga anapeza ntchito yolandira alendo pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni. Tsiku lowafunsa mafunso, abwana achikazi anati, "Mumakwera basi iti? A lokolo tinasiya kuwalemba, amachedwa, komanso amafika fumbi mpaka m'nsidze." Asisi anayankha kuti ekisipulesi. Nanga akanati chiyani? Bambo athu chigonereni ndi msana chaka chatha, ndipo manja a amayi anatha ndi sopo wochapira anthu zovala.

Anawapatsa miyezi itatu yowayesa. Tsono asisi ankadzuka kusanache, n'kukwera lokolo yoyambirira atavala mapatapata. Akafika m'tauni ankabisala kuseri kwa kanyumba ka wosoka nsapato, pafupi ndi siteji. Ekisipulesi ikaonekera, ankavala nsapato zawo zofiira zazitali zidendene, n'kusakanikirana ndi anthu otsika, akupukusa kachikwama ngati nawonso akhala pa mpando wofewa. Abwana akafunsa kuti bwanji sawaona m'basi, ankati amakonda kukhala kumbuyo. Sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Kunangotsala masiku anayi kuti awalembe kwathunthu.

Lachiwiri limenelo ine ndinakwera lokolo yanga ya masiku onse, ndinapezanso malo a pawindo. Titadutsa pa mlatho tinaona ekisipulesi itaima m'mbali mwa msewu, kumbuyo kukufuka utsi, eniake ali ndandanda padzuwa ndi zikwama zawo. Basi yonse inafuula ngati timu yathu yagoletsa.

"Imani, adalaivala, abale athu avutika!" anatero mayi a masache, amene amakhala nane pafupi tsiku lililonse ndi mtolo wawo wa masache ogulitsa.

Kondakitala anatsegula chitseko n'kugwada pang'ono. "Takulandirani mabwana. Mphepo yozizira ilipo, ingoyembekezani wina ayasamule."

Anakwera ali chete, akuyang'ana pansi ngati aponda chinachake. Mayi wina wa magalasi, wa suti yotuwa, anafika pa mpando wathu. Mayi a masache anasendeza mtolo, iye n'kukhala ndi thako limodzi pakati pathu. Anatulutsa kampango n'kutseka mphuno.

"Chimfine, adona?" anafunsa mayi a masache.

"Ayi."

"Ooh, ndiye ndi ifeyo. Pepanitu, madzi kwathu amatuluka Lachisanu."

Anthu anaseka. Mayiyo sanachotse kampango. Mwana wa pa mpando wakutsogolo anagwira chikwama chake, iye n'kuchikoka msanga n'kupukuta pamene panagwiridwapo. Apo m'pamene mtima wanga unatentha, ndipo ine mtima ukatentha, lilime limatsogola.

"Komatu adona," ndinatero, "musamanyansidwe kwambiri. Ena amene mumatsika nawo pa siteji paja ndi athu omwewa. Mumawapatsa moni tsiku ndi tsiku, fungo osalimva."

"Yayaka Wayilesi!" anakuwa kondakitala. "Kwezani voliyumu!"

Ndiye ndinakweza. Ndinafotokoza za mtsikana wina, dzina sindinatchule, sindine wopusa. Ndinanena za kudzuka kusanache, za mapatapata m'chikwama, za kuseri kwa wosoka nsapato. Ndinayerekeza ngakhale kayendedwe kake, ndikugwedeza mapewa pa mpando pomwepo. Anthu ankagwira m'mimba. Abambo ena kumbuyo anati mtsikana ameneyo ampatse digiri. Ine ndinkamva kukoma, ndinkaona ngati ndikuwalipsira tonse a m'basimo, komanso ndinkanyadira asisi anga mumtima.

Mayi wa magalasi anatsitsa kampango. Anamwetulira koyamba.

"Ndi wochenjeradi," anatero ndi mawu ofewa. "Amagwira kuti?"

"Ku ma ofesi konko. Abwana ake akuti ndi mfiti ya mkazi, amanunkhiza anthu ngati galu, koma uyu yekha analephera kumugwira."

"Nsapato zakezo ndi zamtundu wanji?"

"Zofiira! Zimamuluma, n'chifukwa chake amazivala basi ikaonekera."

Mayi a masache ananditsina pa ntchafu, atadutsitsa dzanja kumbuyo kwa mayiyo. Ndinayesa akufuna ndiwonjezere.

Titayandikira m'tauni, mayiyo anatsegula chikwama n'kutulutsa mpukutu wa makiyi, ambirimbiri, n'kuyamba kuwagwedeza pa chala. Ndinakumbukira pomwepo. Kunyumba asisi akamanena za abwana awo amawatchula Amakiyi, chifukwa ofesi amatsegula ndi iwo okha, ndipo akamaganiza zolanga munthu amaliza makiyi pa chala.

"Adona," ndinatero, "zija ndimangocheza. Ine ndimapeka nkhani, afunseni anthuwa."

"Eetu, ameneyu ndi wabodza chibadwire," anatero mayi a masache mwachangu. "Dzulo anatiuza kuti mbuzi yabereka mwana wovala wotchi."

Mayi wa magalasi anangoti, "Mm." Makiyi ngwee, ngwee.

Foni ndilibe, amayi anandilanda mwezi watha chifukwa cha pakamwa panga pomwepa. Ndinanong'oneza mayi a masache kuti andibwereke yawo, koma inalibe mayunitsi. Ndinayesa kuimirira kuti nditsike poyamba ndithamange, koma m'kanjira munali mothithikana, mwendo wanga utapanikizidwa ndi thumba la munthu wina. Windo la mbali yathu anakhomerera ndi msomali kalekale. Ndinapemphera kuti asisi akhale atatopa kudikira n'kukaima pa khomo la ofesi.

Basi inaima pa siteji. A ekisipulesi anatsika poyamba, akudzikung'untha. Mayi uja sanalowere ku ofesi. Anawoloka kanjira, n'kudutsa wosoka nsapato, n'kuzungulira kuseri.

Ndinawaona asisi pa windo. Anali atakhala pa mwala, mapatapata kuphazi, nsapato zofiira pamiyendo, akusuzumira kumsewu kudikira basi imene sinali kubwera. Lokolo yathu sanaiyang'ane n'komwe. Atatembenuka n'kuona abwana awo, anaimirira mofulumira, nsapato imodzi n'kugwa. Anawerama kuti atole, kenaka anasiya, kenaka anaweramanso. Ndinamenya galasi ndi chikhatho, sindikudziwa kuti ndinkafuna chiyani. Kondakitala anamenya chitseko, basi n'kunyamuka ine ndidakali m'kati, poti ku saluni ndimatsikira kutsogolo. M'basi monse munalibe woseka.

Tsiku lonse ku saluni sindinatsegule pakamwa. Ndinathira mayi wina madzi otentha m'khutu, eni saluni n'kundifunsa ngati ndili ndi malungo.

Nditafika kunyumba dzuwa likulowa, ndinapeza asisi atakhala pakhonde, atavula kale za kuntchito, akusenda anyezi amene amayi anali atasenda kale. Amayi anali ataimirira pa chitseko. Bambo m'katimo anazimitsa wayilesi yawo kuti azimva.

"Ati sakundichotsa chifukwa cha lokolo ayi," asisi ankafotokoza, maso ali pa mbale. "Ati chifukwa cha bodza. Ati pa ofesi ya inshuwalansi munthu wabodza sangakhale pakhomo. Ndinati, amayi, ndinachedwapo? Ati nkhani si imeneyo. Ndinati, ndikananena zoona mukanandilemba? Anangoti ndibweze baji ya pa ofesi."

"Tsoka chabe, mwanangu," anatero amayi. "Basi ija ikanapanda kufa."

"Si tsoka, amayi. Anabwera molunjika, osayang'ana uku ndi uku. Anati, paja akuti nsapatozi zimakulumani? Za kuluma anazidziwa bwanji? Alipo anawauza."

Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kutenga mpeni wina. Ndinatsegula pakamwa, asisi n'kundiyang'ana, maso atatupa, n'kundisisita pamutu.

"Usalire iwe, si mlandu wako. Ndipeza ina."

Bambo anakhosomola m'chipinda. Mawa lake linali tsiku lawo lopita kuchipatala, ndipo anali asisi amene analonjeza kuti ulendo uno akwera galimoto yogona bwino, osati kugwedezeka ndi msana mu lokolo.

Amayi ananditembenukira. "Iwe, pajatu palibe chimene chimakudutsa m'basi muja. Mawa utchere khutu. Undipezere munthu ameneyu, ndikufuna ndikamuyang'ane m'maso, andiuze chimene tinamulakwira."

Mayi a masache amakhala mizere itatu ya nyumba kuchokera kwathu. Kondakitala amagula fodya pa golosale imene amayi amagula sopo. M'basi muja munali anthu oposa makumi asanu, ndipo onse amandidziwa.

"Wamva?" anatero amayi.

"Ndamva, amayi. Ndifufuza."