Utoto Uyang'ane Kunja

Lipenga lochenjeza za madzi litalira m'mawawo, madzi anali atayamba kale kutumphuka m'ming'alu ya pansi. Orsola anaima m'chipinda chapansi atavala jombo, maso ali pachithunzi chojambula ndi utoto pansalu chimene makolo awo anasiya. Chinkaonetsa ngalande yomweyi ya pakhomo pawo, mabwato awiri akuda, ndi masitepe asanu a nyumba yawo ali pamwamba pa madzi. Lero kunjako masitepe enieniwo onse asanu anali atamira.

Chithunzicho chinali chachitali kuposa munthu. Iye ndi mlongo wake wamng'ono, Alvise, anayesa kawiri kukwera nacho pamwamba, koma felemu inkakakamira pokhota makwerero.

"Tizule misomali, tikulunge nsalu yokhayo," anatero Alvise.

Anachigoneka patebulo n'kuyamba kuzula. Pomaliza, madzi anali m'akakolo. Alvise anagwira m'mphepete n'kuyamba kukulunga, utoto uli mkati.

"Leka!" anakuwa Orsola.

"Nanga bwanji achemwali? Tidikire nsomba zidzatithandize?"

"Utoto uyang'ane kunja."

"Kunja? Kuti ukhulike pakhoma? Zaka makumi anayi ndakhala ndikupinda nsalu za m'bwato ine!"

"Ndiye zonse zinang'ambikatu, nkhalamba iwe."

Alvise anangopotoza pakamwa n'kukankhanso. Panamveka kuti *the!* ngati munthu waphwanya chikamba cha dzira. Onse anauma. Pamwamba pa chithunzi, pamene panali mitambo, panatuluka kamzere koyera.

Orsola anayang'anitsitsa kamzereko. Malemu mwamuna wake Tullio, amene ankakonza zithunzi za m'matchalitchi, ankati utoto wakale ukaufinya umathetheka, koma ukaukoka pang'ono umapirira. Koma kodi ananenadi choncho, kapena ukalamba wamutembenuzira mawu? Tullio anapita zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Panalibe womufunsa.

Madzi anakhudza mpando, mpandowo n'kuyamba kuyenda wokha.

"Nenani msanga," anatero Alvise, mawu atatsika tsopano.

"Tembenuza. Tenga kapeti uyo pa kabati, tikulungire pamenepo kuti chisapindike kwambiri."

Anakulunga pang'onopang'ono, makutu ali tcheru. Mabwato aja anazungulira, kenako khomo lawo, kenako masitepe. Sipanamvekenso kanthu. Ananyamula mtolowo paphewa ngati maliro, madzi ali m'mawondo, ndipo pokhota paja Orsola anatchinjiriza utoto ndi mkono wake. Khoma linamusupula chigongono.

Pamwamba anachitambasula pabedi. Orsola anawerama n'kuyendetsa maso kuchokera kumwamba mpaka pansi. Mng'alu unali umodzi wokha, wa Alvise uja.

"Kamzereko kakukhala ngati mbalame ya kunyanja," anatero Alvise akukanda m'mutu. "Anthu aziti anajambula dala."

"Khala chete, ubweretse nsanza ndimange mkonowu."

Alvise atatuluka, Orsola anawerenga masitepe ndi chala, osakhudza. Onse asanu analipo, ouma.