Mdipiti wa Kettie pa Bokosi Lachikasu

Galimoto ya mkwatibwi inaima pakati penipeni pa mphambano, ndipo Pemphani analakalaka nthaka itangomumeza. Kutsogolo kothina, kumbuyo kothina, mahutala ali pipii mbali zonse.

Anali atanyamula mlongo wake Kettie kuchokera ku Kawale kupita kutchalitchi. Amalume awo, a Malizani, anali atakhala pampando wakutsogolo ndipo chinyamukire ankangolamula. "Kakamira kumbuyo kwa inayo. Mdipiti wa ukwati suduka, angatiseke akuchimuna." Nayenso anakakamiradi, ngakhale ankaona kuti zakutsogolo sizikuyenda.

"Zokwatirana zanuzo mukachitire kwanu!" anakuwa kondakitala wa minibasi ya ku Biwi, akumenya chitseko.

"Achimwene, abusa anati tikachedwa ayamba kudalitsa ukwati wina," anatero Kettie, misozi ili lengelenge.

Wapolisi wamkazi anafika pawindo akupukusa mutu. "Bambo, tayang'anani pansi. Mwaponda chiyani?"

"Mizere yachikasu yopingasana, mayi," anayankha Pemphani chapansipansi. "Komatu loboti inatiloleza."

"Ngakhale ikulolezeni. Bokosi ili simulowamo ngati kutsidyako kulibe malo okwana galimoto yanu. Mukaimamo mwatsekera aliyense, ndi inu nomwe."

"Koma bwana, ndi ukwatitu uwu," anatero a Malizani.

"Maluwawo ndawaona, bambo. Kodi amatsegula msewu?"

Zinatenga nthawi kuti mayiyo amasule mfundo ya magalimotoyo, uku akubweza minibasi, uku akukalipira akabaza.

Atayenda pang'ono anapeza bokosi lina. Loboti inaloleza, galimoto yakutsogolo inawoloka n'kukaima kutsidya. Pemphani anaponda buleki asanafike pamzere.

"Lowa iwe! Waudula mdipiti!" anakuwa a Malizani.

Chibadwire Pemphani anali asanawayankhepo amalume ake. Koma ulendo uno anati, "Pepani amalume, uko kulibe malo."

A Malizani anatsonya n'kuyang'ana kumbali. Magalimoto odutsa chopingasa anayenda bwinobwino, kutsidya kunatseguka, ndipo loboti italolezanso Pemphani anawoloka osaima.

Anafika kwaya itasasa mawu ndi kubwereza nyimbo, abusa atatsala pang'ono kuitana banja linalo. Kettie anakweza chovala chake n'kuthamangira pakhomo.

Oyendetsa galimoto nonse, kaya muli pa mdipiti wa ukwati, kaya mwachedwa chotani, musalowe m'bokosi lachikasu musanaone malo otulukira. Kudikira kunja kwa bokosi ndiko kufika msanga.