Banga Losasuntha

Foni ya bambo ake inamupeza Mzime ali kuntchito, m'chipinda chojambulira odwala pa ekisire. Dzina la Mzime linamukakamira chibadwire poti ndiye anali womaliza m'mimba mwa mayi ake, ndipo ngakhale imvi zinali zitayamba kusuzumira, kwa bambo ake anali akadali kamwana.

"Kamera yanga yalodzedwa," anatero bambowo, moni osapereka. "Ubwere udzaione, iwe wozolowera zithunzi."

Bambowo anali woyeza malo wopuma pantchito. Unyamata wawo wonse unathera pa makina a miyendo itatu, atawerama, diso limodzi atatsinzina. Mayi atamwalira, anzawo ankati mkuluyu alowerera mowa, koma iwo analowerera dzuwa. Anagula telesikopu ndi kakamera kofiira konga kachitini ka mkaka, kolowetsa kumbuyo kwake. Kukacha kopanda mitambo ankakwera nazo padenga la konkire la nyumba yosanja imene ankakhala. Kumaso kwa telesikopu ankavekako sefa yonyezimira yopha ukali wa kuwala, ndipo dzuwalo ankalionera pa laputopu, atafunda chinsalu chakuda. Amayi oyanika zovala padengapo ankaseka kuti agogo akufunsira mbeta kumwamba.

Mzime anapita Loweruka m'mawa. Bambo ake atatsegula chitseko anamulonjera bwinobwino, koma maso awo anali paphewa lake, ngati kumbuyo kwake kuli mlendo wina. Mzime anacheuka. Pamasitepe panalibe munthu.

"Mukuyang'ana ndani, ababa?"

"Iweyo. Wanenepa. Tiye kumwamba mitambo isanabwere."

Padenga panali mphepo. Mashiti a eni ake ankakupiza pazingwe, nkhunda zili ndaa pa mathanki a madzi. Bambowo analumikiza zingwe zawo mopapasa, akulankhula osapumira.

"Mawanga enieni a padzuwa amayenda, Mzime. Lero ali m'mphepete muno, masiku akapita awoloka nkhope yonse, kenako akabisala kuseri. Koma ili langoti nji pakatikati ngati analikhomera ndi msomali. Ndinati ndi fumbi. Ndapemerera kagalasi ka kamera, ndapukuta mpaka dzanja kuwawa. Ndatembenuza kamerayo chadodolido, poti likanakhala fumbi likanatembenuka nayo. Ayi ndithu. Chingwe ndasintha. Pulogalamu ndachotsa n'kuikamonso. Wokonza makompyuta wapansipa akuti laputopu ilibe vuto, koma uja sadziwa kanthu, amangodziwa kugwedeza mutu."

"Likuoneka bwanji bangalo?"

Bambowo anazengereza. "Udzionere wekha."

Mzime analowetsa mutu m'chinsalu, pafupi ndi mutu wa bambo ake. Munali motentha, mukununkha sopo wawo wometera ndevu. Pa laputopu dzuwa linali lozungulira, lotuwa, khungu lake ngati khoko la lalanje, m'mphepete mwake mukunjenjemera ngati madzi oyamba kuwira. Chakumunsi kunali timawanga tiwiri tonga zitosi za ntchentche. Pakati panali poyera, popanda kanthu.

"Waliona?"

Kuntchito Mzime anazolowera kuona mthunzi woipa pachifuwa cha munthu n'kungomwetulira, n'kunena kuti adokotala akufotokozerani. Apa panalibe dokotala womuthawirako.

"Talisunthani dzuwalo pang'ono, ababa."

Bambowo anadina batani, makina analira pang'onopang'ono, dzuwa linasendera kumanzere mpaka theka lake linatuluka pagalasi.

"Tsopano lozani pamene pali banga."

Chala chawo chinakagwa pamdima, kunja kwa dzuwa.

Mzime anachotsa chinsalu chija. Anatambasula chikhato chake patsogolo pawo. "Nanga apa?"

"Usandiyese ngati odwala ako, iwe."

"Ababa."

Mphepo inagwetsa chopanira zovala. Bambowo anakhala pansi pa kampando kawo kopinda, manja pamaondo, ndipo atalankhula mawu awo anali otsika.

"Latsika nane m'nyumba. Ndikayang'ana wotchi, manambala kulibe. Chithunzi chaukwati chija pakhoma, ndikuona suti yanga, ndikuona maluwa, koma nkhope ya mayi ako kulibe. Iwenso pamene ndinatsegula chitseko unalibe mutu."

Mzime anawayang'ana kumaso. Diso lakumanzere la bambo ake linali ndi ng'ala kuyambira kale, loyera ngati mkaka wosungunula. Onse ankadziwa kuti mkuluyo amayendera diso lamanja lokha.

"Chinachitika n'chiyani?"

Bambowo analoza kachitoliro kakang'ono komangiriridwa pamsana pa telesikopu, kolozera usiku pofuna nyenyezi. Kanali ndi chivindikiro chake, koma tsiku lina mphepo inachiulutsa iwo osaona. Dzuwa linali litasowa pa laputopu, ndipo thupi linangochita zimene linazolowera pantchito: anawerama n'kuikapo diso.

"Kuphethira kumodzi kokha. Sikunapweteke n'komwe. Ndinangoona kuyera, ndiye ndinadzitukwana n'kupitiriza."

"Ndiye masiku onsewa mukupukuta kamera mukudziwa?"

"Kamera imakonzeka, mwanawe."

Kenako bambowo anapendeketsa mutu, akuyang'ana kukhoma loyera la thanki.

"Silozungulira ayi. Likakhala pamalo oyera limaoneka bwino. Lili ndi mapewa. Ndi munthu woima chofulatira, atamanga duku. Phewa limodzi n'lotsika, monga ankaimira mayi ako akatopa."

"Ababa, musatero."

"Sindikunena kuti ndi iyeyo. Ndikukuuza mmene likuonekera."

Lolemba Mzime anapempha tchuthi n'kuwatengera kwa dokotala wa maso. Dokotalayo anawathira mankhwala okulitsa mwanadiso, n'kuwakhazika pa makina, chibwano pachitsulo. Chithunzi cha mkati mwa diso chitatuluka, dokotalayo, mayi wolankhula mofatsa, analoza kadontho kachikasu.

"Papsa ndi apa, pakati penipeni, pamene munthu amaonera nkhope ndi zilembo. Mwina pachepa m'kupita kwa miyezi, mwinanso ayi. Mankhwala ake palibe. Koma musataye mtima, bambo. Diso linalo lili ndi ng'ala chabe, kuseri kwake kukuoneka kuti n'kwabwino. Tikaichotsa, muziwerenganso nyuzi."

Mtima wa Mzime unakhala pansi. Bambo ake sanasangalale.

"Nanga bangali?"

"Diso labwinolo lizidzaphimba. Ambiri amafika poiwala kuti lilipo."

"Chabwino," anatero bambowo akufufuza chipewa chawo. "Ndikaganize kaye."

Kuganizako kunatenga nyengo yonse yotentha. Tsiku la opaleshoni likayandikira, chifuwa chinkawagwira. Akasintha tsiku, ankati mwendo. Achimwene ake a Mzime anaimba foni kuchokera kutali, anakalipa, ananyengerera, mpaka anati mkuluyu angomunyamula ngati thumba. Bambowo anangoseka. "Bwera udzandinyamule, tione ngati msana wako wa muofesiwo ungathe."

Mzime anamasula kachitoliro kaja n'kupita nako kunyumba kwake. Ankabwera Loweruka lililonse kudzawathandiza kulumikiza zingwe ndi kupotokola kagudumu mpaka chithunzi chitawala bwino, pakuti iwo sankathanso kuona ngati chalunjika. Anaphunzira kuyang'anitsitsa sefa asanaiveke, kufunafuna kabowo ngakhale ka nsonga ya singano. Anaphunziranso kudikira kamphindi kamene mpweya umadekha dzuwa n'kusiya kunjenjemera, n'kujambula pomwepo. Bambo ake ankaona dzuwalo chammbali, ndi ngodya ya diso, n'kumufunsa kuti mawanga afika pati lero. Za opaleshoni akazitchula, ankayankha za mitambo.

Tsiku lina pakati pa sabata anaweruka msanga, nati akawazonde osawauza. M'nyumba munalibe munthu, ketulo ili yofunda. Anakwera masitepe opita kudenga, ndipo asanafike pachitseko chachitsulo anamva mawu a bambo ake. Ankafotokoza za mpongozi wawo, mmene amayendetsera galimoto ngati akuthawa njuchi. Bambowo anaima kaye, ngati akumvetsera yankho, kenako anaseka. Kuseka kumeneko Mzime anali asanakumve chichitikire maliro.

Anasuzumira pampata wa chitseko. Telesikopu inali yovindikira, laputopu yotseka. Bambo ake anali pa kampando kawo, atavala shati yosita, akuyang'ana khoma loyera la thanki. Pambali pawo anali ataikapo mpando wina, wochokera kukhitchini.

M'chikwama mwa Mzime foni inanjenjemera. Anali a kuchipatala cha maso, kufunsa ngati bambo abwere mawa lino kapena malo awo apatse munthu wina. Mzime anatsika masitepe angapo kuti mawu ake asamveke kumwamba.

"Apatseni ena," ananong'ona. "Ife tidzakuuzani."

Anakhala pansi pa sitepe yozizira, chikwama pamiyendo, kudikira kuti amalize kucheza.