Kagetsi Kofuna Nkhope ya a Fabiano

Kompyuta ija amuna anga a Fabiano anabwera nayo kuchokera ku Joni, ataikulunga mu bulangete ngati khanda. Atamwalira chaka chatha mpunga ukucha, ine ndinapitiriza kuitsegula Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Muli mavidiyo awo. Mwana wathu Tawina anamusiya akuyamwa, ndipo mawu a bambo ake amawadziwira momwemo.

Tsiku lina kompyutayo inandifunsa ngati ndikufuna pulogalamu yake yaikulu ikhale yatsopano. Ine n'kuvomera, nanga chatsopano amakana ndani? Inandithera bandulo yense ya intaneti, inazima n'kuyaka yokha kangapo, ndipo itamaliza sinalinso ija ndinkaidziwa. Kale inkangotseguka ukaiyatsa. Tsopano panatuluka dzina la malemu, ndipo pamwamba pa sikirini kagetsi kofiira kanayamba kuphethira. Pansi pa dzinalo panalembedwa m'Chingerezi kuti ikufunafuna nkhope yawo.

Dzuwa la kuno ku Bwanje linali likuswa mtengo, koma ine ndinazizidwa mpaka m'mafupa. Ndinaifunditsa chitenje n'kuthawira panja, komwe ndinaimbira foni Salome, mnzanga wa kusukulu amene amagwira ntchito mu ofesi ku Boma.

"Si mzimu, Lufina," anatero Salome. "Amuna ako anaiphunzitsa nkhope yawo kalekale, kenaka anazimitsa kuti iwe usamavutike. Pulogalamu yatsopanoyo yangodzutsa zimenezo. Nambala yawo yachinsinsi ukuidziwa?"

"Ayi."

"Ndiye usayerekeze kupita nayo kwa okonza mafoni pamsika. Akangofufuta zonse."

A Fabiano anabadwa mapasa ndi a Gibson. Kuyambira tsiku lometa, alamu angawo ankanena kuti nyumba ya m'bale wawo singakhale yopanda mwamuna, ndipo iwo ngokonzeka kulowa chokolo. Ndinawakana pamaso pa ankhoswe. Anangoseka ngati munthu wodziwa kuti mango akapsa amagwa okha.

Lamulungu lotsatira anapeza Tawina akulilira vidiyo ya bambo ake. Analowa osaodira, anavundukula chitenje chija n'kukhala pampando. Kagetsi kanaphethira kamodzi, kompyuta n'kutseguka, n'kuwalonjera ndi dzina la malemu.

"Mwaonatu, mlamu," anatero akumwetulira. "Ndi makina omwe andizindikira. Inu nokha ndiye mukuumitsa mutu."

Tawina anayang'ana pa sikirini, n'kuyang'ana a Gibson. "Ababa," anatero mwanayo.

Kuyambira pamenepo a Gibson anasanduka kiyi. Mwana akalira, ndituma uthenga, iwo abwera. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sankakamuka. Jekete lawo linapeza msomali kuseri kwa chitseko changa, njinga yawo inazolowera khonde langa. Kusikimu ya mpunga azimayi anayamba kusiya nkhani ndikamafika. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzadzuka nditakwatiwa osafunsidwa.

Mpata unapezeka tsiku limene madzi a mu ngalande anali gawo la mbali yathu. A Gibson anamutsegulira Tawina kompyuta, kenaka anati akupita kukatsegulira madzi kumunda wathu. Wathu! Njinga itangokhota pa mtengo wa masau, ndinaimbira Salome.

"Usasiye kugwedeza kamausiko," anandiuza. "Ukaileka nthawi yaitali, idzitseka yokha n'kufunanso nkhope ija. Yamba wakopera mavidiyo mu fulashi."

Ndinalowetsa fulashi. Kamzere kosonyeza kuti zikukopeka kankakwawa ngati nkhono. Khutu limodzi linali kwa Salome, lina kumsewu. Zitatha, anandilondolera potsegula dzina langalanga, lokhala ndi mphamvu zonse pa kompyutayo, ndi nambala yodziwa ine ndekha. Ndinalakwitsa, n'kubwereza, thukuta likugwera pa mabatani.

"Tsopano pita pa zolowera," anatero Salome. "Pali poti chotsani nkhope. Dina pamenepo."

Ndinapapeza. Nthawi yomweyo belu la njinga linalira kutsidya kwa mlatho wa ngalande. Koma sindinadine. Nkhope imene ndinkafuna kuchotsayo sinali ya a Gibson. Anaiika amuna anga okha, atakhala pampando womwewu, mwina akuseka monga ankachitira akapeza chatsopano.

"Lufina, wadina?"

Belu linaliranso, tsopano pabwalo. Ndinatsinzina n'kudina, kenaka ndinaizimitsa.

A Gibson analowa matope ali m'miyendo, osasamba n'komwe. Anakhala pampando, anaiyatsa, anasendeza nkhope yawo pafupi. Pa sikirini panatuluka dzina langa. Anapukuta kamera ndi malaya, anapendeka mutu uku ndi uku, koma ayi ndithu.

"Yatani iyi?" anafunsa.

"Ikufuna mwini nyumba," ndinayankha. "Jekete lanu mulitenge potuluka, alamu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja ofanana ndi a malemu. Ndinaganiza kuti andimenya. Koma anaimirira n'kutuluka, belu silinalirenso.

Ndinakhala pampando paja, ndinalemba nambala yanga, ndinatsegula vidiyo ya mu fulashi, ndipo mawu a amuna anga anadzaza nyumba. Tawina anawomba m'manja. Ine ndinangoyang'ana pamwamba pa sikirini pamene panali bii, misozi n'kutsika. M'nyumba monse muno, kagetsi kaja ndi kokhako kamene kankawayembekezerabe a Fabiano pamodzi ndi ine.