Thabwa la Pangalande

Kachitatu pa miyezi iwiri yokha! Mayi wosoka zovala, amene anthu ankangowatchula kuti Atelala, anakhala pabenchi ya m'chipatala atagwira kaphazi ka mzime wawo, mtima ukuwira ngati ketulo. Kamtsikana ka zaka ziwiri kanali gone, diripi ili pamkono, maso atalowa m'kati chifukwa chotsekula m'mimba.

"Mayi, mwanayu tikamuchiza amatuluka ali bwinobwino, koma pakangopita masabata awiri wabweranso," anatero namwino wamkulu wa m'wodimo. "Akapitiriza chonchi tidzamutaya. Kodi mumamwa madzi a kuti?"

"A pampopi, anesi! Kwathu kulibe chitsime ayi."

"Amatuluka tsiku lonse?"

Apa ndiye anawaputa. Atelala anakhuthula zonse. Madzi a mumsewu mwawo ankasiya madzulo n'kubweranso m'mamawa. Akamabwera, mpopi unkayamba watsokomola, kenako n'kulavula madzi ofiira onunkha chimbudzi, ndipo pakapita kanthawi ankayera mbee. Mlamu wawo, woyendetsa minibasi wodziwa zonse, ankawaseka. "Alamu, kadothi sikapha munthu. Ingowasiyani adikhe, mutsanule apamwambawo, basi."

Ku ofesi ya zamadzi anali atapitako kawiri. Ulendo woyamba kalaliki wapawindo sanadzutse n'komwe mutu pafoni yake. "Tamva, tibwera," anatero, ndipo sanabwere. Ulendo wachiwiri Atelala anatenga madziwo m'botolo. Kalalikiyo ananyamula botolo ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya. "Tidziwa bwanji kuti simunatunge m'chithaphwi?" Mwano wake! Patapita masiku kunafika amuna awiri, dzuwa lili pamutu, nthawi imene madzi amakhala atayera kalekale. Wina anamwa ndi chikhatho, n'kupukuta pakamwa, n'kulemba papepala kuti dandaulo latha.

Namwino anapukusa mutu. "Madzi akasiya, paipi imatsala yopanda kanthu, ndiye imakoka chilichonse chimene chili kunja ngati penapake pali pobooka. Zimene zalowazo ndi zimene zimayamba kutuluka m'mawa. Kudikha kumangochotsa dothi, tizilombo timatsala momwemo. Kuyambira lero muziwiritsa madzi akumwa. Ndipo mubwerere ku ofesiko. Akupatseni nambala ya dandaulo lanu, muonane ndi woyeza madzi weniweni, ndipo abwere nthawi imene madzi amayamba kutuluka, osati masana."

Mawa lake Atelala anasiya mwana ndi mng'ono wawo, makina osokera n'kuwafunditsa nsalu, ulendo wa ku ofesi. Kalaliki anali yemwe uja, foni yomwe ija.

"Mayi, nkhani yanu inatha. Anyamata athu anayeza."

"Anayeza ndi chiyani, ndi lilime?" Anaponya pakauntala kabuku ka kuchipatala ka mwana. "Werengani umo! Kachitatu! Inu mukaweruka mumakanyamula ana anu akuseka, wanga ali pa diripi. Pano sindichoka mpaka mundipatse nambala ndiponso mundiitanire woyeza madzi."

"Mukuchedwetsa anzanu pamzere."

"Asiyeni alankhule!" anakuwa bambo wina wachikulire kumbuyo. "Ifenso kwathu ndi zomwezo, tinatopa n'kumva kuti tibwera."

Phokoso litakula, chitseko cham'kati chinatseguka, ndipo kunatuluka mayi wovala jasi yoyera. Anali woyeza madzi. Anamvetsera osawadula pakamwa, kenako anatembenukira kwa kalaliki uja. "Dandaulo la madzi onunkha limayenera kufika patebulo langa tsiku lomwelo. Lino landiphonya bwanji kawiri konse?" Nambala inalembedwa pomwepo, mwaulemu umene Atelala anali asanauonepo pawindo limenelo.

Sikisi koloko isanakwane m'mawa mwake, woyeza madzi anali ataima pampopi wa Atelala ndi timabotolo take. Mpopi unatsokomola, n'kulavula zake zija. Mayiyo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Ife timayeza madzi akamachoka kumatanki, ndipo amachoka ali abwino. Awa aipira m'njira. Tiyeni titsate paipi."

Anayenda mumsewu, Atelala pambuyo, amuna awo amene anali kalipentala akutsatira, anthu oyandikana nawo akusuzumira m'mipanda. Atafika pokhotera, woyeza madzi anaima. Pamenepo paipi inkadutsa m'ngalande yotsika kuchokera kuzimbudzi za pamsika, ndipo madzi ankabwibwita pansi ngati kasupe. Pamwamba pake panali thabwa lalikulu, lopalidwa bwino, lokhomedwa pazikhomo kuti lisamagwedere.

"Apa pakhala pakutuluka madzi kuyambira liti?"

Anthu anayang'anana. Wina anati chaka, wina anati chaka ndi theka.

"Ndani anatiuza?"

Mlamu uja, amene anali atatulukira ndi mswachi m'kamwa, ndiye anayankha. "Aa, paipi ndi yanu, madamu. Ife tinkati mukudziwa."

"Ofesi yathu yalakwa, sindikana, ndipo amene anataya madandaulo a mayiwa ayankhapo," anatero woyeza madzi. "Koma msewu wonsewu, anthu a maso awiriawiri, munaona paipi yaphulika m'ngalande ya zonyansa, ndiye nzeru imene munapeza ndi kuikapo mlatho?"

Atelala anayang'ananso pangalande paja. Thabwalo ankaliwoloka tsiku lililonse. Analiwoloka popita kukadandaula, botolo la madzi ofiira lili m'manja, akutukwana ofesi mumtima. Anacheuka kuti ayang'ane amuna awo. Kalipentala anali atakhala pansi m'mphepete mwa ngalandemo, manja ali kumutu. Ndi iwo amene anapala thabwalo n'kulikhoma, ndipo msewu wonse unawathokoza.

"Mwana anali atangoyamba kuyenda," anatero bambowo motsitsa mawu. "Ndinkati asamadetse timapazi."

Ntchito imene inadikira chaka ndi theka inatha dzuwa lisanapendeke. Anthu a zamadzi anadula paipi yowolayo, n'kuika yatsopano pamwamba pa ngalande, n'kutsuka mzere wonse ndi mankhwala. Zinawawa bwanji kuona kuti inali ntchito ya theka la tsiku!

Mzime anatuluka m'chipatala Loweruka, ndipo sanabwererekonso. Anamunyamula ndi bambo ake kuchokera pokwerera basi. Atafika pokhotera paja, bambowo anaima kanthawi atamukumbatira, chifukwa kamwana kanali katapepuka kuposa thabwa lija.

Phunziro: Madzi a pampopi akasintha mtundu kapena fungo, awiritseni musanamwe, ndipo kadandauleni mpaka akupatseni nambala ya dandaulo ndi kudzayeza pampopi panu nthawi imene vutolo limaoneka. Mukaona paipi ikudontha, kaneneni tsiku lomwelo, musaganize kuti wina ananena kale. Inunso a pawindo la madandaulo, kumbukirani kuti kuseri kwa botolo limene mukulinyozalo kuli mwana amene akumwa madziwo.