Kampando ka a Biswick

A Biswick Makwinja anabwerako ku Sikotilandi atanyamula kampando, ndipo mumpingo wa Amalawi ku Ilford, mumzinda wa London, panalibe amene anapuma. Akazi awo a Betty anaimva nkhaniyo mpaka makutu kuwawa. Akuti katchalitchi kakumudzi, kamiyala yotuwa, manda atakazungulira, belu lili panja pamwamba pa khoma, gome la mlaliki litakwezeka pakati penipeni kuti wosinza asowe pobisala. Akuti Chikhristu chenicheni chinachokera kumeneko, osati zathu zopempherera muholo yobwereka. Katchalitchiko ankakatseka chifukwa anthu anatha, ndiye wosamalira pamalopo anawalola kutenga kampando kamene kanali kokhakokha kutsogolo, pansi pa gome, koyang'ana anthu.

Nanga kwathu amakhala moyang'anizana ndi mpingo ndani? Si mkulu wa mpingo? A Biswick sanafunse n'komwe. Lamulungu lililonse ankakhala pamenepo atavala jekete yakuda, maondo ali m'mwamba poti kampandoko kanali kakafupi.

A Betty akanaseka, koma mtima unali kwina. Mwana wawo Stephanie anali ndi pakati asanakwatiwe, ndipo bambo ake anagamula kuti asapondenso pakhomo mpaka ataimirira pamaso pa mpingo n'kupepesa. Stephanie, mwana wobadwira konkuno, anangoyankha m'Chingerezi kuti ayi, n'kusamukira kwa mnzake ku Greenwich. Mimba inkakula mayi ake osaiona. Zinkawapweteka a Betty, moti ankalira m'basi popita kushifiti.

Kunyumba ya okalamba kumene a Betty ankagwira ntchito kunali a Hamish, nkhalamba ya ku Sikotilandi yokonda kung'ung'udza nyimbo zomwe a Betty anakula akuimba ku Domasi. Lamulungu lina a Betty anapempha chilolezo n'kuwatenga pachikuku kuti akamve Amalawi akuimba.

Mapemphero atatha, a Biswick anadzuka pakampando, nganganga ndi jekete, kudzalonjera mlendo. A Hamish anawagwira dzanja ndi manja awiri, maso odzaza chisoni. Anawayamikira kulimba mtima, munthu wamkulu chonchi kukhala pamenepo osabisa nkhope. Kenako anatsitsa mawu, ngakhale kuti kutsitsa kwa munthu wogontha kumamveka mpaka kukhomo, n'kufunsa ngati mlandu wake unali wa mowa kapena wa mkazi wa mwini.

A Biswick anafunsa kuti mlandu wake uti.

Nkhalamba inafotokoza bwinobwino, mosafulumira. Kumudzi kwawonso kanalipo kampando kotere. Makolo akale ankakhazikapo wochimwa, pansi pa gome, kuti mlaliki amudzudzule mpingo wonse ukumuyang'ana. Anazisiya kalekale, ataona kuti anthu ena ankathawiratu mudzi osabwereranso.

Amayi amvano anagwira pakamwa, ena anathawira kukhitchini kukasekera komweko. A Betty anaweramira chikuku ngati akukonza bulangete. Manyazi a mwamuna wako ndi akonso, koma abale, zinali zoseketsa.

Atafika kunyumba a Biswick anakhala patebulo. Tiyi anamwa, koma za Sikotilandi sanazitchule, koyamba chibwerereni. A Betty ankadikira kuona kampandoko pamulu wa zinyalala.

Lamulungu lotsatira anadabwa kuwaona amuna awo akukakoka n'kukhalaponso, maondo m'mwamba monga mwa masiku onse. Itafika nthawi ya zolengeza, mlembi wa mpingo anafunsa mwaulemu kuti nanga nkhani ya mtsikana wawo ayiike liti.

A Biswick anayankha ali chikhalire.

"Nkhani imeneyo inatha. Chaka chonsechi mwakhala mukundiyang'ana pano, ndipo mwakhuta. Chilango cha mwana wanga ndamugwirira kale."

Kenako anayang'ana kumbali ya amayi.

"Amake Stephanie, muimbireni mwanayo. Mumuuze kuti bambo ake akufuna amuone asanachire."

A Betty sanadikire nyimbo yotsekera. Anatuluka foni ili kale kukhutu.