Phoebe Anaperewera Zala Ziwiri

Phoebe anaperewera zala ziwiri zokha. Anaima njo, msana utagunda mlongoti umene unali polowera, koma mzere wofiira unali pamwamba pa mutu wake. A Reuben, eni ake a katungwe, anaika kathabwa pamutu pa mwanayo, anayang'ana mzere, n'kupukusa mutu.

Munali mu July chaka cha 1973. Katungweyo anabwera pa lole kuchokera ku Limbe pa chikondwerero cha ufulu, ndipo anamuzika pa bwalo la mpira pa Boma la Nkhata Bay. Sanali katungwe wa chingwe amene timamudziwa tonse. Anali ndi injini pakati, ndi mipando yachitsulo yolendewera pa matcheni. Injini ikalira, mipando inkazungulira mpaka kuyandama m'mwamba chopendekeka. Ana anangomutcha Ndege, ndipo mwana amene anali asanakwere Ndege analibe mawu kusukulu.

Bambo ake a Phoebe, a Paston Longwe, anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene ankakonza makina mu mgodi. Anakhalako zaka ziwiri osaona kwawo. Tchuthi chawo chinali kutha, ndipo Lachisanu anayenera kukwera Ilala kuyamba ulendo wobwerera. Mwanayo ankawaopabe, akawaona ankabisala kumbuyo kwa chitenje cha amake. Ndiye tsiku limene lole inkatsitsa zitsulo, a Longwe anamugwira dzanja namuuza kuti iwo asanakwere sitima, iye akhala atakwera katungwe. Akulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma a Longwe tsiku limenelo sanakumbukire zimenezo.

Loweruka lotsatira a Longwe anafika atatchena monga achitira a kwathu kuno: suti yabuluu, tayi, ndi kampango m'thumba la pachifuwa. Khadi la chipani anaonetsa pachipata popanda vuto. Vuto analipeza pa mlongoti.

Anayamba ndi ulemu. Anafotokoza kuti mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ali Sitandade 1. Kenaka anamuuza Phoebe kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu agwire khutu la mbali inayo, monga ankayesera ana polemba sukulu masiku amenewo. Phoebe anagwira khutu bwinobwino, mpaka kulikoka.

"Mwaona? Ahedi anamulandira ndi khutu lomweli," anatero a Longwe. "Inu mwaposa ahedi?"

A Reuben anayankha mofatsa kuti za khutu ndi za kusukulu, iwo amayang'ana mzere. Kumbuyo pamzere wa anthu wina ananong'ona, koma monong'ona mwakuti aliyense amve, kuti ana a anthu a ku Joni sakula chifukwa bambo amadyera kutali. Mawu amenewo anawalasa a Longwe kuposa kukanidwa kuja. Ananyamula mwana wawo, yemwe anali atayamba kusisima, n'kubwerera kunyumba.

Amene amawadziwa a Longwe akudziwa kuti si munthu wobwezedwa kawiri pakhomo limodzi. Lamlungu atachoka ku tchalitchi anatsegula sutikesi, natulutsa nsapato zimene anamugulira Phoebe ku Joni. Zinali zazikulu kwambiri, pakuti bambo wokhala kutali amagula nsapato za mwana mongoganizira. Tsopano kukula kwakeko kunapeza ntchito. Anadula katoni, anapinda nyuzipepala, n'kuyala m'kati mpaka chidendene cha mwana chinakwera. Akazi awo, a Rebecca, amene tonse tinkawatchula kuti Anyamhone, poyamba anakana. Koma ataona nkhope ya amuna awo anatenga ulusi wakuda, n'kuyamba kumanga tsitsi la Phoebe timitsitsi toimirira toloza kumwamba.

Ntchito ili m'kati, panadutsa a Magret Kamanga, anamwino a ku sikelo ya ana, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda. Anaima, anayang'ana nsapato, anayang'ana mutu wa mwana, ndipo sanafunse chilichonse chifukwa nkhani ya pa mlongoti inali itazungulira kale msika wonse.

Anyakamanga sanali munthu wokalipa. Anakhala pa mpando wa ndalema, nayamikira kaye luso la tsitsilo. Kenaka anauza a Longwe kuti khadi la kusikelo la Phoebe analilemba okha kuyambira ali khanda, ndipo mwanayo akukula bwino lomwe. Ana a msinkhu umodzi satalika mofanana, ndipo kufupika kwa Phoebe ndi kwa akuchikazi, aliyense angathe kuona pa Anyamhone. Anyamhone anaseka. A Longwe sanaseke, koma mapewa awo anatsika pang'ono.

"Ada Longwe, ndikupemphani chinthu chimodzi," anatero Anyakamanga. "Mawa tipitire limodzi m'mawa, injini asanailize. Mwana avale momwemu, nsapato ndi tsitsi lomwe. Mukakaona zimene ndikufuna muone, mukachite zimene mtima wanu ukakuuzeni."

Lolemba m'mawa anapeza a Reuben akuthira girisi pa matcheni. Pa mlongoti Phoebe anafikadi pa mzere, tsitsi linaupitirira ndithu, ndipo a Longwe anakonza tayi. A Reuben anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma Anyakamanga anawapempha kuti angomukhazika mwanayo pa mpando umodzi, katungwe ali chiimire.

Anamukhazika, natseka kachitsulo kotchinga kutsogolo. Mwana wofika pa mzere, kachitsuloko kamamugwira pamimba, pamwamba pa ntchafu. Phoebe kanamufika pachifuwa. Mpando unali wautali kuposa ntchafu zake, choncho miyendo inangoti tasa kutsogolo. Kuti apinde mawondo, anasendera yekha kutsogolo mpaka anakhala pa nsonga ya mpando, msana utasiyana ndi chotsamira. Palibe anamuuza kutero. Mwana aliyense wamfupi amachita chimodzimodzi.

Anyakamanga anauza a Longwe kuti aime kutsogolo atatambasula manja. Kenaka anagwira matcheni napendeketsa mpando pang'ono chabe, osafika ndi theka la m'mene umapendekera injini ikalira. Phoebe anatsetsereka pansi pa kachitsulo kaja mpaka m'khwapa. Nsapato imodzi inavuka, katoni ndi nyuzipepala zinamwazika pa udzu. Bambo ake anamuwakha asanafike pansi.

A Longwe anakweza maso kuyang'ana pamwamba pamene mipando imafika ikamauluka, pafupifupi msinkhu wa denga la nyumba. Sanamutsitse mwanayo msanga.

"Mpando uwu suona tsitsi, suona nsapato, sufunsa kalasi," anatero Anyakamanga. "Umagwira thupi la mwana. Thupi likachepa, sumugwira. Mzere uja sanaulembe kuti anyoze mwana wa munthu."

A Reuben anawonjeza kuti amene anapanga katungweyo ndiwo anayeza mzerewo molingana ndi mpando ndi kachitsulo, ndipo iwo alibe mphamvu youtsitsa ngakhale chala chimodzi. Anati kulikonse kumene apita amakumana ndi makolo oimika ana pa zala, ena ofuna kuwafukata pamiyendo, ena obwera ndi dzina la wachibale wa udindo. Onsewo amawabweza, chifukwa tsoka silinunkha.

A Longwe anachita manyazi, ndipo manyazi ake anali oyenera. Munthu amene ku mgodi sankalola mnzake kugwira makina opanda chotchinga, ndi yemweyo anakhala masana onse a Sabata akudula katoni kuti apusitse chotchinga cha mwana wake. Anavula chipewa napepesa kwa a Reuben. Kwa Anyakamanga anangothokoza kuti, "Yewu, ama."

Komabe lonjezo linali pomwepo. Phoebe anafunsa ngati akwere tsopano, ndipo bambo ake anagwada namuuza zoona, kuti Ndege ndi ya chaka china, akadzatalika. Mwanayo sanalire. Anachotsa dzanja lake m'dzanja la bambo ake napita kukaima kwa amake, ndipo zimenezo zinawapweteka a Longwe kuposa kulira.

Akutembenuka kuti azipita, anaona chinthu chofundikidwa ndi lona kuseri kwa lole, mwendo wa thabwa utatulukira kunja. Atafunsa, a Reuben anati ndi akavalo a matabwa asanu ndi mmodzi, katungwe wa ana ang'onoang'ono wochita kukankha ndi manja, woyenda pang'onopang'ono pafupi ndi pansi. Chitsulo chake chapakati chinathyoka lole ikutsika mapiri kuchokera ku Mzuzu, ndipo anali atataya mtima kuti akachikonzetsa akabwerera ku Limbe.

A Longwe anavula jekete napatsira akazi awo. Anagona chagada pa udzu, tayi ali m'khosi, kusuzumira pansi pa akavalowo. Atadzuka anati chitsulocho chikhoza kulumikizika, ndipo anapempha masiku atatu.

Anachinyamula paphewa mpaka ku jeti, kumene mnzawo wa ubwana, a Morgan, ankawotcherera zitsulo za maboti. Lachiwiri lonse linathera kumeneko. Lachitatu anachibwezera m'malo mwake, koma atakankha, akavalo ankagwedera mbali imodzi. Apa n'kuti mbiri itamveka, ndipo amayi anali atayamba kufika ndi tiana tawo tonse tobwezedwa pa mzere wofiira. Ena anati kugwedera pang'ono si kanthu, ana angokwera, masiku akutha. A Longwe anakana kwamtuwagalu. Anamasula zonse n'kubwerera nacho chitsulo ku jeti, thukuta lili kamukamu, anthu akuwaseka kuti a Longwe asanduka a Reuben achiwiri.

Lachinayi m'mawa anamanganso. Asanalole mwana aliyense, anabwereka matumba a ufa wa chinangwa kumsika, nakweza thumba limodzi pa kavalo aliyense. Iwo ndi a Reuben anazungulitsa matumbawo kwa nthawi yaitali, akumvetsera ngati pali polira, akugwedeza kavalo mmodzimmodzi. Atakhutira, a Reuben anatenga penti yoyera nalemba mzere wina m'munsi pa mlongoti. Mwana wofika pa mzere woyera akwere yekha. Wosafika akwere pokhapokha kholo likuyenda pambali litamugwira.

Woyamba kuyesedwa ndi lamulo latsopanoli anali mlamu wawo wa a Longwe, amene anafika ndi kamwana ka zaka ziwiri nafuna kukakhazika pa kavalo kuti iwo akaime pamthunzi. Anati ndi chibale, sangabwezane. A Longwe anawauza kuti chibale chilipo ndithu, n'chifukwa chake ayende pambali pa mwanayo atamugwira. Mlamu anang'ung'udza, koma anayenda.

Phoebe anapita pa mlongoti ali chosavala nsapato, tsitsi atalimasula. Mzere woyera unamufika pa phewa. Anasankha kavalo wakuda, bambo ake anamumanga lamba m'chiuno, nayesa ndi chala ngati wagwira. Mapazi ake anafika bwino popondera. Kenaka a Longwe anagwira chogwirira n'kuyamba kukankha.

Ulendo woyamba mwanayo anauma, atakumbatira khosi la kavalo. Ulendo wachiwiri anadzutsa mutu. Pofika wachitatu anali akuseka, ndipo nthawi iliyonse akatembenuka ankawafunafuna ndi maso bambo ake.

"Ada, kankhaninso," anatero Phoebe kwa bambo ake, akavalo ataima.

Anakankhanso. Anakankha Phoebe, anakankha ana a anthu ena, mpaka m'manja munatuluka matuza. Madzulo Anyakamanga anawamanga mabandeji, akuwaseka kuti ku Joni akafunsidwa ngati kwawo kulinso mgodi. Lachisanu popita ku sitima, sutikesi ananyamula Anyamhone chifukwa manja a amuna awo sankagwira kanthu. Phoebe anayenda pambali pa bambo ake njira yonse, atagwira chala chimodzi chimene chinalibe bandeji.

Makolo anzanga, mukafika ndi mwana pa katungwe kapena pa choseweretsa china chilichonse chimene chili ndi muyeso wa msinkhu, muimikeni mwanayo monga alili. Musamuimike pa zala, musamukweze ndi nsapato kapena tsitsi, ndipo musakakamize woyang'anira ngakhale mwana ataperewera pang'ono chotani. Zaka ndi kalasi sizilowa m'malo mwa msinkhu. Funsani ngati pali china chomuyenera, ndipo ngati palibe, muuzeni zoona kuti adikire. Mwana wobwezedwa pa mzere amakhumudwa tsiku limodzi, mawa n'kudzuka akusewera. Wogwa kuchokera m'mwamba mwina sangadzukenso.